Phazi likuwawa popanda chifukwa chodziwika: mafunso ndi mayankho okhudza kayendedwe ka magazi m'miyendo

Simunapunthwe, simunaponde msomali, simunabzungunyuke, koma phazi likungowawa. Anthu ambiri akafika pamenepa amathamangira kunena kuti magazi sakuyenda bwino. Nthawi zina amakhala atalasa, koma nthawi zambiri vuto limakhala lina. Chimene chimaulula gwero la ululuwo si malo okha amene pakuwawa ayi, koma nthawi imene umabwera ndi chimene chimauletsa.

Phazi langa likuwawa koma sindinavulale. Ndiye kuti magazi sakufika?

Osati nthawi zonse. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, mfundo zambirimbiri, minofu, minyewa yotumiza uthenga wa kumva ku ubongo, ndi mitsempha ya magazi, ndipo chilichonse mwa izi chikhoza kuwawa pachokha.

Ngati chidendene chimabaya mukangotsika pabedi m'mawa, kenako n'kumapepuka mukayendayenda, kawirikawiri ndi mnofu wolimba wa kunsi kwa phazi umene watopa ndi kukokeka. Madokotala amati plantar fasciitis, ndipo vutoli lilibe chochita ndi magazi. Ngati chala chachikulu chatupa usiku umodzi, chafiira, chatentha, moti ngakhale chofunda chikachikhudza mumafuula, ganizirani za gout, nyamakazi yobwera asidi wa uric akachuluka m'magazi n'kuundana m'mfundo. Ululu woyaka pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi, umene umakula mukavala nsapato yothina, umachokera ku mnyewa wopanikizika. Munthu amene wayamba mwadzidzidzi kuyenda kapena kuthamanga mitunda italiitali akhoza kukhala ndi kamng'alu m'fupa la phazi ngakhale sanagwe. Ndipo pali ululu wina umene umamveka kuphazi pamene gwero lake lili kumsana, komwe mnyewa wotsikira kumwendo wapanidwa.

Nanga ululu wa mitsempha yotsekeka umamveka bwanji?

Uli ndi khalidwe lake losavuta kulizindikira mukalidziwa. Mukakhala pansi mulibe vuto. Mukayamba kuyenda, poyamba zonse zili bwino. Mukafika pamtunda wina, katumba amayamba kulemera, kukokana kapena kuwawa mpaka mumaima. Mukaima chilili, osakhala n'komwe pansi, ululu umatha pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri zosakwana 10. Mukayambanso, umabweranso pamtunda wofanana ndi woyamba uja. Pachitunda kapena mukamafulumira umabwera msanga.

Chifukwa chake n'chakuti mitsempha yochokera kumtima yopita kumiyendo yachepa njira. Mafuta, kashiamu ndi zina zimaunjikana m'makoma mwake kwa zaka zambiri. Magazi ochepa amene akudutsa amakwanira mwendo ukamapuma, koma minofu ikayamba ntchito imafuna mpweya wochuluka kuposa umene ukufika. Matendawa amadziwika ndi dzina lachidule loti PAD, ndipo padziko lonse anthu oposa 200 miliyoni ali nawo.

Pamene pakuwawa pamasonyeza pamene patsekeka, chifukwa ululu umamveka m'munsi mwa malo otsekekawo. Mtsempha wa m'ntchafu ukachepa, amawawa ndi katumba. Kukatsekeka kumtunda, m'mimba kapena m'chiuno, amawawa ndi matako ndi ntchafu, ndipo abambo ena amaonanso kuti mphamvu za kuchipinda zachepa. Ichi ambiri amachita nacho manyazi osachinena, chonsecho chimamuthandiza dokotala kudziwa pomwe ayang'ane.

Koma si onse amene amamva ululu woonekeratu chonchi. Ena amangoti miyendo yatopa, ena anachepetsa kuyenda kalekale osazindikira, n'kumati ndi ukalamba. Munthu amene sayenda mtunda sangaumve ululu wobwera poyenda, ngakhale mitsempha yake itachepa kwambiri.

Pali matenda ena amene amafanana nawo kwambiri: kuchepa kwa njira ya minyewa m'msana. Kusiyana kwake n'kwakuti ululu wochokera kumsana umabweranso mukangoima nthawi yaitali, ndipo sutha mpaka mutakhala pansi kapena kuwerama. Wa mitsempha ya magazi umatha mukangosiya kuyenda.

Phazi limandiwawa usiku ndikagona, koma ndikalitsitsa pabedi limapepuka. Zikutanthauzanji?

Ili ndi funso limene silifuna kuzengereza. Ngati zala ndi kutsogolo kwa phazi zikuyaka mukagona, ndipo mumapeza mpumulo mukalendewetsa mwendo pansi kapena mukagona chokhala pampando, zikhoza kutanthauza kuti magazi achepa kwambiri moti sakukwanira ngakhale phazi likupuma. Mukagona chathyathyathya magazi amasowa chowathandiza kutsika, mukatsitsa mwendo amatsikako pang'ono. Munthu wotere ayenera kuonedwa ndi dokotala m'masiku ochepa, makamaka ngati palinso chilonda kapena chala chasintha mtundu.

Musasokoneze izi ndi kukokana kwa katumba kumene kumadzutsa anthu ambiri usiku, mnofu n'kuuma gwa kwa kanthawi kenako n'kumasuka mukauwongola. Kumeneko n'kofala ndipo nthawi zambiri si chizindikiro cha mitsempha yotsekeka.

Mapazi anga amazizira nthawi zonse. Ndide nkhawa?

Ngati onse awiri amazizira mofanana, khungu lili bwino, ndipo mumayenda popanda ululu, nthawi zambiri palibe choopsa. Kuchepa kwa magazi m'thupi ndi kufooka kwa chithokomiro kumachititsanso zimenezi. Chodetsa nkhawa ndi phazi limodzi lozizira kuposa linzake. Palinso anthu amene zala zawo zimayera mbuu kukazizira, kenako n'kubiriwira, pomaliza n'kufiira zikamafunda. Vutoli analifotokoza dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, mu 1862, ndipo limatchedwa ndi dzina lake. Timitsempha timangofinyika kwa kanthawi, si kuti tatsekeka.

Mapazi amayaka, amabayabaya, nthawi zina amachita dzanzi. Si magazi amenewa?

Kawirikawiri ayi. Kuyaka, kunyerenyetsa ndi dzanzi loyambira kuzala za mapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono ndi chizindikiro cha minyewa yowonongeka. Ululu wake sudikira kuti muyende, ndipo umakula usiku.

Choyambitsa chachikulu ndi matenda a shuga, ndipo pali anthu amene amadziwira pamapazi pomwepa kuti ali ndi shuga. Zina ndi mowa wa zaka zambiri, kuchepa kwa vitamini B12, matenda a impso, kachilombo ka HIV, khate, ndi mankhwala ena. Isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, amatha kuwononga minyewa, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Metformin, amene odwala shuga ambiri amamwa, amatha kuchepetsa B12 akamwedwa zaka zambiri. Izi si zifukwa zosiyira mankhwala panokha, ndi zinthu zokauza amene anakupatsani mankhwalawo.

Tsoka lake n'lakuti wodwala shuga akhoza kukhala ndi mavuto onse awiri nthawi imodzi, minyewa yakufa ndi mitsempha yochepa. Dzanzi limabisa ululu umene ukanamuchenjeza. Kamwala kamalowa m'nsapato, kamatsekula bala, iye osamva, ndipo balalo silipola chifukwa magazi sakufika mokwanira. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga inayamba ndi kabala kakang'ono kotere. Wodwala shuga akaona phazi limodzi latupa, lafiira, latentha, ngakhale lisakuwawa, asaliponderenso mpaka ataonedwa, chifukwa mafupa a phazi lopanda kumva amatha kuphwanyika mwakachetechete.

Mwendo umodzi watupa ndipo katumba akuwawa. N'chiyani?

Apa tikukamba za mitsempha ina, yobweza magazi kumtima. Magazi akhoza kuundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo, vuto limene limatchedwa DVT. Mwendo umodzi umatupa, umafunda, umalemera, khungu limatha kufiira kapena kuderapo, ndipo ululu sutha mukapuma.

Magazi amaundana akamayenda pang'onopang'ono, mtsempha ukavulala, kapena magaziwo akakhala osachedwa kugwirana. Choncho zimachitika kawirikawiri munthu akachitidwa opaleshoni, akagona nthawi yaitali chifukwa cha matenda, akamangidwa pulasitala, akayenda ulendo wa maola oposa 4 atangokhala, komanso mwa odwala khansa. Amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, makamaka m'masabata 6 oyamba, ali pachiopsezo chokulirapo, chimodzimodzinso amene akumwa mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen, makamaka ngati amasutanso.

Kuopsa kwake sikuli m'mwendo mokha. Chibulumwa cha magazicho chikaduka chimayenda mpaka kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Munthu amayamba kubanika mwadzidzidzi, pachifuwa pamabaya akamapuma, mtima umathamanga, ena amatsokomola magazi kapena kukomoka. Zimenezi zimapha. Mwendo wotere osausisita. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chithandizo chake ndi mankhwala oletsa magazi kuundana monga heparin, warfarin kapena rivaroxaban, ndipo amaperekedwa miyezi yosachepera 3.

Nanga ikatupa miyendo yonse iwiri, kapena mitsempha ikaonekera yopotanapotana?

M'mitsempha yobweza magazi muli titseko ting'onoting'ono toletsa magazi kubwerera pansi, ndipo katumba akamafinya poyenda ndiye amawakankhira m'mwamba. Titsekoti tikafooka magazi amadikha m'munsi. Miyendo imalemera madzulo, akakolo amatupa, khungu la pamwamba pa akakolo limada ndi kuyabwa, ndipo pakapita zaka pamatha kubuka chilonda chosapola, kawirikawiri chakumkati kwa kakolo. Ululu wa mtundu uwu umakula mukaima nthawi yaitali, umachepa mukakweza miyendo. Taonani kuti n'zosemphana ndi za mitsempha yopititsa magazi, imene kukweza mwendo kumawonjezera ululu.

Kutupa kwa miyendo yonse iwiri kukhozanso kuchokera ku mtima wofooka, impso, chiwindi, kapena mankhwala ena a BP monga amlodipine. Kukabwera pamodzi ndi kubanika mukagona chagada, mtima uyezedwe.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira mawa?

Choyamba, mwendo umene mwadzidzidzi wayamba kuwawa kwambiri, wazizira, wayezuka, wachita dzanzi, ndipo zala zikukanika kugwedezeka. Pamenepo mtsempha watsekeka kotheratu, nthawi zina ndi chibulumwa cha magazi chochokera mumtima umene ukugunda mosalongosoka. Minofu ndi minyewa zimayamba kufa pakatha maola pafupifupi 6. Usiku kapena usana, nyamukani.

Zinanso ndi chala chimene chada kapena kuuma, bala la wodwala shuga limene likutuluka mafinya, kununkha kapena kufiira kukufalikira, phazi lotupa limodzi ndi kutentha thupi, komanso kubanika kapena kupweteka pachifuwa mwa munthu amene mwendo wake watupa.

Ndani amene amadwala matenda a mitsempha yotsekekawa? Ine ndikadali wamng'ono.

Fodya ndi shuga ndiwo akutsogolo. Kenako BP yokwera, mafuta ochuluka m'magazi, matenda a impso, ndi msinkhu, chifukwa matendawa amachuluka munthu akapitirira zaka 60. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko aziganizirenso miyendo, popeza mitsempha ya thupi lonse imadwalira limodzi.

Unyamata sutchinjiriza wosuta. Pali matenda amene dokotala wina, Leo Buerger, anawafotokoza mu 1908, amene amatupitsa ndi kutseka timitsempha ta m'manja ndi m'mapazi, ndipo amagwira makamaka osuta a zaka zosakwana 45. Amayamba ndi ululu wa pakati pa phazi poyenda kapena zilonda za kunsonga kwa zala. Chimene chimawaimitsa ndi kusiyiratu fodya wa mtundu uliwonse, ngakhale wotafuna kapena wofwenkha. Kuchepetsa chabe sikuthandiza.

Ndingadziyeze ndekha kunyumba?

Mukhoza kuona zina, koma musadzigamulire mlandu. Vulani nsapato ndi masokosi, muyerekeze mapazi awiriwo pamalo owala. Yang'anani mtundu, kutupa, ming'alu ya pakati pa zala ndi kunsi kwa phazi. Khungu lonyezimira ndi lopyapyala, ubweya wothothoka pamsongolo, zikhadabo zokhuthala zosakula msanga, zonsezi zimapezeka pamene magazi achepa kwa nthawi yaitali. Pakhungu lakuda kuyezuka ndi kufiira kumaoneka bwino kunsi kwa phazi ndi pazikhadabo. Gwirani mapazi onse ndi kuseri kwa dzanja kuti mumve ngati lina lazizira.

Kugunda kwa mtsempha kumamveka malo awiri: pamwamba pa phazi, chakumbali kwa chingwe cholimba cha mnofu chopita ku chala chachikulu, ndi kuseri kwa fupa lotukuka la kakolo chakumkati. Mukakupeza kukugunda bwino ndi nkhani yabwino. Mukakusowa musachite mantha msanga, chifukwa ngakhale ozolowera amavutika kukupeza, ndipo anthu ena athanzi lawo alibe kugunda komveka pamwamba pa phazi.

Chothandiza kwambiri n'kusunga m'mutu mayankho a mafunso amene mukafunsidwe: ululu unayamba liti, umabwera mukayenda mtunda wotani, umatha pakapita nthawi yaitali bwanji, umachepa mukakweza mwendo kapena mukautsitsa, ndi phazi limodzi kapena onse. Wodwala amene wafotokoza izi momveka wagwira kale theka la ntchito ya dokotala.

Kuchipatala akandiyeza chiyani?

Akagwira kugunda kwa mitsempha m'mphechepeche, kuseri kwa bondo ndi kuphazi. Kenako pali kuyeza kosavuta kotchedwa ABI: amayeza BP pamkono ndi pakakolo, n'kugawa ya pakakolo ndi ya pamkono. Zikatuluka pakati pa 1.0 ndi 1.4 zili bwino. Zikakhala 0.9 kapena kutsika, mitsempha yachepa. Zikapitirira 1.4 ndiye kuti makoma a mitsempha auma moti sakufinyika, zomwe zimachitika mwa odwala shuga ndi impso, ndipo pamafunika kuyeza pachala chachikulu m'malo mwake.

Makina a Doppler amaonetsa mmene magazi akuyendera ndi pamene patsekeka, ndipo ndi omwenso amapeza DVT. Kumva kwa phazi amakuyeza ndi kaulusi kolimba kokhudzitsa kunsi kwa phazi inu mutatsinzina. Magazi amayezedwa shuga, mafuta, impso, ndipo nthawi zina B12. Zithunzi za CT kapena MRI za mitsempha zimajambulidwa makamaka pamene akuganiza zokonza mtsemphawo.

Ngati kuyenda kumandipweteka, si bwino kungopuma?

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo m'pomveka. Kwa munthu amene ululu wake umabwera poyenda pokha, wopanda chilonda komanso wopanda ululu wa usiku, kuyenda ndiye mankhwala. Yendani mpaka ululu ufike pakatikati, imani uthe, yambaninso. Chitani zimenezi mphindi 30 mpaka 45, katatu pa sabata kapena kuposa, kwa masabata osachepera 12. Minofu imaphunzira kugwiritsa ntchito bwino mpweya wochepa umene ikulandira, ndipo magazi amazolowera kudzera m'timitsempha tam'mbali, monga anthu amatsegulira tinjira tachidule mlatho ukaduka. Ambiri amene amalimbikira amaona mtunda wawo ukutalika. Ululu wa poyendawu suwononga mwendo.

Koma malangizowa si a munthu wa bala kuphazi, wa ululu wa usiku, kapena amene pachifuwa pamamuwawa akamayenda. Ameneyo aonedwe kaye.

Pali mankhwala otsegula mitsempha? Ndingoyamba kumwa aspirin?

Palibe piritsi losungunula zimene zaunjikana m'mitsempha kwa zaka. Mankhwala amene amaperekedwa ntchito yawo yaikulu n'kuletsa matenda kupitirira ndi kuteteza mtima ndi ubongo: ma statin otsitsa mafuta, aspirin kapena clopidogrel oletsa magazi kugwirana, ndi mankhwala a BP ndi shuga. Cilostazol amathandiza ena kuyenda mtunda wotalikirapo, koma saperekedwa kwa amene mtima wawo ndi wofooka.

Aspirin musayambe nokha. Amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba, ndipo ngati ululu wanu ndi wa minyewa kapena wa chidendene mungodziika pangozi pachabe. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac akamwedwa tsiku ndi tsiku amavulaza impso ndi m'mimba, komanso amabisa chizindikiro chimene chikanakufikitsani kuchipatala. Zodzola ndi zakumwa zotsatsidwa kuti "zimatsuka mitsempha" ndalama zake ndi bwino kugulira nsapato yokwana bwino.

Mtsempha ukachepa kwambiri madokotala amaulowetsa kachubu kokhala ndi kabaluni n'kuufutukula, nthawi zina n'kusiyamo kachitsulo kouchirikiza, kapena amalumikiza njira yatsopano yolambalala potsekekapo, kawirikawiri pogwiritsa ntchito mtsempha wina wa m'mwendo womwewo. Wopitiriza kusuta njira yatsopanoyo imatsekekanso msanga.

Kodi kuthowa ndi madzi otentha, kusisita kapena kuvala masokosi othina kumathandiza?

Zimatengera vuto, ndipo chothandiza wina chimavulaza mnzake. Masokosi othina a kuchipatala ndi abwino kwa amene mitsempha yobweza magazi yafooka, koma pamwendo umene magazi akuvutika kale kufika amatha kupha khungu. N'chifukwa chake ABI imayezedwa kaye asanakupatseni. Kukweza miyendo n'chimodzimodzi: kumathandiza woyambayo, kumapweteka wachiwiriyo.

Kutentha n'koopsa paphazi la dzanzi. Munthu amaviika phazi m'madzi otentha kapena kuliyandikiza kumoto, osamva kuti likupsa, m'mawa n'kupeza matuza amene asanduka chilonda cha miyezi. Madzi ayeseni ndi chigongono, ndipo phazi lozizira lifunditseni ndi masokosi omasuka. Zikundu ndi njerewere musazichekere ndi lezala ngati muli ndi shuga. Musayende osavala nsapato, ndipo musanavale pisani dzanja m'kati.

Akandipeza ndi matenda a mitsempha yotsekeka ndiye kuti adzandidula mwendo?

Ambiri amene amamva ululu poyenda pokha safika pamenepo. Matenda awo amakhazikika kwa zaka, ena amapezako bwino. Amene amataya miyendo kawirikawiri ndi osuta osasiya, odwala shuga amene bala lawo lachedwa kuonedwa, ndi amene anapirira ululu wa usiku miyezi yambiri ali kunyumba. Ndipo mantha oti "ndikapita akandidula" ndi amene amachedwetsa anthu mpaka kudulako kukhale kosapeweka, pamene akanafika msanga mwina chikanachoka chala chimodzi kapena osachoka kanthu.

Chimene madokotala amada nacho nkhawa kwambiri mwa wodwala wotere ndi mtima ndi ubongo. Zimene zatseka mtsempha wa m'ntchafu zimakhala zilinso m'mitsempha ya mtima ndi ya m'khosi, choncho chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimakhala chachikulu kuposa cha kutaya mwendo. Ichi n'chifukwa chake mankhwala aja amapitirizidwa ngakhale mwendo utasiya kuwawa.

Ndayezedwa, akuti magazi akuyenda bwino, koma phazi likuwawabe. Nditani?

Ngati ululu wanu umabwera poyenda pokha ndipo ABI inayezedwa mutagona, funsani ngati angakuyezeninso mutangoyenda, chifukwa mitsempha yochepa pang'ono imaonekera pokhapokha minofu ikagwira ntchito. Ngati ndi kuyaka ndi dzanzi, funsani za shuga, B12, impso ndi chithokomiro, ndipo mutenge mankhwala onse amene mumamwa akawaone. Msana nawo uyezedwe. Kamng'alu ka m'fupa nthawi zambiri sikaoneka pa X-ray ya masabata oyambirira, ndiye ululu wa malo amodzi ukapitirira m'poyenera kujambulanso. Tengani ndi nsapato zimene mumavala masiku onse, chifukwa mmene zathera kunsi zimasonyeza mmene mumapondera. Ndipo chilichonse chikasintha, phazi likazizira, likatupa, likasintha mtundu kapena pakabuka bala, bwererani osadikira tsiku limene anakulemberani.